Zomveka m'tauni: filimu yosadula yagawa anthu pawiri

Sabata ino mtengo wa shuga wapuma kaye, za mpira nazo zaima pambali. Nkhani yomwe yavuta m'mababashopu, m'masaluni ndi m'maminibasi a mu Blantyre ndi ya kanema. Gwero lake ndi filimu ya nkhondo yotchedwa 1917, yomwe idatuluka mu 2019 koma ena kuno angoitulukira kumene kwa anyamata obena mafilimu m'mafulashi.

Phokoso lidayambira ku Ndirande, m'kababashopu ka kuseri kwa msika. Mnyamata wina, mutu atameta mbali imodzi, adalengeza kuti waonera filimu yoposa mafilimu onse. Chifukwa chake? Kamera sidula. Kuyambira pachiyambi mpaka kumathero, pafupifupi maola awiri, chithunzi chimangoyenda ndi asilikali, kulowa nawo m'maenje, kutuluka nawo, kugwera nawo mumtsinje, osaphethira.

"Chabwino aise, tamva," adatero wometa, makina ali m'mwamba. "Koma nkhani yake ndi yotani?"

"Nkhani? Anyamata awiri atumidwa kukapereka kalata."

"Kenako?"

"Kenako akupita."

"Basi?"

"Koma amwene, kamera sidula!"

Benchi yonse idafa ndi phwete. Kunena mwachilungamo, mnyamatayo adaichepetsa nkhaniyo. Kalata ija ndi yoletsa asilikali 1,600 a Britain kuti asalowe mumsampha wa Ajeremani, ndipo pakati pa asilikaliwo pali mkulu wake wa mmodzi mwa otumidwa aja. Sam Mendes, mwini filimuyo, adaiumba kuchokera pa zomwe ankamva kwa agogo ake, Alfred Mendes, omwe adamenya nawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Nkhani ilipo ndithu, yowonda koma ilipo. Kungoti mnzathuyo adaisiya komweko, kubabashopu adangobwerako ndi kamera.

Ndiye padali mphunzitsi wina wa kusekondale yemwe ankadikira mzere wake, nyuzipepala ili pamwendo. Iyeyu ndiye adathira madzi pamoto. Adati kamera ija imadula bwinobwino, kungoti akubisirani: asilikali akalowa mumdima kapena akadutsa kuseri kwa khoma, pamenepo ndi pomwe alumikiza zidutswa. Palibe chidutswa chomwe chidafika mphindi 10. Pena pake mpaka msilikali Schofield, mmodzi mwa otumidwa aja, amakomoka, chithunzi n'kuda bii, podzuka kunja kwada kale.

"Ndiye andipusitsa?" adafunsa mnyamata uja, nkhope itagwa.

"Akupusitsani mwaluso, achimwene. Roger Deakins, yemwe anajambula, analandira nayo mphoto ya Oscar."

Wometa adafuna kudziwa ngati idatenganso mphoto yaikulu ya filimu yopambana chaka chimenecho. Ayi, adatero aphunzitsi, imeneyo mu 2020 idapita kwa Parasite ya Bong Joon-ho wa ku South Korea. Ndipo adayamba kuifotokoza. Banja losauka, lokhala m'chipinda cha pansi pa msewu. Mnyamata wa m'banjamo apeza ganyu yophunzitsa mwana wa anthu olemera. Mochenjera alowetsa mlongo wake, kenako achotsetsa dalaivala kuti bambo ake alowe, kenako achotsetsa wantchito wa m'nyumba kuti mayi ake alowe, mabwana osadziwa kuti onsewa ndi mphika umodzi. Apa makina ometera adali atazima, aliyense khutu lili kwa aphunzitsi. "Kenako? Kenako?" Mkulu wina pakona adati, "Banja limenelo ndikulidziwa ine, limagwira ku Namiwawa."

Wina wa ku Mbayani adatseka nkhani ya tsikulo. Iye 1917 adaionera kuvidiyo ya kwawoko, ndipo akulumbira kuti idadula katatu konse. Magetsi.

Pofika Lachitatu mkangano udali utakwera minibasi ya ku Limbe. Kondakitala, thupi theka lili panja, adati za makalata iye alibe nazo ntchito, munthu wake ndi Tom Cruise. Adayala umboni wonse. Mu filimu ya 2011 adakwawa kunja kwa Burj Khalifa ku Dubai, nyumba yotalika mamita 828. Mu ya 2015 adakangamira chitseko cha ndege ya Airbus A400M ikunyamuka, ndipo adabwereza maulendo 8 kuti chithunzi chikhale bwino. Pojambula Fallout ku London adathyoka kakolo podumpha kuchoka padenga lina kupita pa lina, n'kudzuka, n'kupitiriza motsimphina, ndipo chithunzi chomwecho ndi chomwe chili mufilimumo. Mu ya 2023 adadziponya kuphompho ndi njinga yamoto ku Norway. "Ameneyo ndiye ekita, osati zakompyuta!"

Mayi wina wa dengu la tomato pamiyendo adafunsa modekha: "Nanga mwanawe, pokangamira ndege paja ankathamangitsa chiyani?"

Kondakitala adati munali katundu woopsa. Katundu wanji? Woopsa basi. Nanga mufilimu inayo? Katundu woopsanso.

Dalaivala sadafune kutsala. "Iwe umakangamira chitseko tsiku ndi tsiku kuyambira Limbe mpaka Ginnery Corner, wopanda ndi chingwe chomwe. Wakupatsapo mphoto ndani?"

Koma funso lomwe lidakhazika minibasi chete lidachokera kwa bambo wina wa jekete kumpando wakumbuyo. Adafunsa kuti Tom Cruise uja, mufilimumo dzina lake ndani. Palibe adayankha. (Ndi Ethan Hunt, kwa ofuna kukawinira kubetcha.) Ndiye bambowo adati, nanga Rambo? Ndani kuno amati ndikukaonera Stallone? Tonse timati Rambo. Ana obadwa dzulodzuloli amatchana Rambo. Ine ndikuti bambowo adalasa. Filimu yoyamba ya Rambo, First Blood ya 1982, ndi ya msilikali wobwera kunkhondo ya ku Vietnam yemwe wapita kukaona mnzake n'kupeza adamwalira. Alowa m'katauni kena kufuna chakudya, mkulu wa apolisi am'pirikitsa chifukwa cha maonekedwe okha. Kumathero chimphona chija chimakhala pansi n'kulira. Mfuti zonse zija zili ndi chozipsetsa mtima, ndipo n'chifukwa chake dzinalo lidatsala.

Akabaza a pasiteji ya ku Chirimba akuti nonsenu mukusokoneza. Iwo akuti simungalekanitse munthu ndi kudumpha kwake, ndipo mboni yawo ndi Jackie Chan. Mu Project A ya 1983 adagwa kuchokera pansanja ya wotchi. Mu Police Story ya 1985 adatsetsereka pamzati wokulungidwa ndi mababu oyaka mpaka kupsa manja. Pojambula Armour of God adagwa mumtengo n'kusweka chigaza. Koma, akutero akabazawo, chomwe timamukondera si kugwa kokha. Jackie akamenya munthu chibakera amakupiza dzanja poti naye lamupweteka. Amathawa, amabisala, amagwira mpando, makwerero, ambulera, chilichonse chili pafupi. Khalidwe lake lonse lili m'ndewu momwemo: munthu wamba, wamantha pang'ono, wosafuna zambiri, yemwe mavuto amangomupeza. Apa ndidawapatsa akabaza mapointi onse. Pali kudumpha kokuuza kuti munthuyu ndani, ndiye pali kudumpha kongokuuza kuti kampani ili ndi ndalama.

Kusaluni ya ku Zingwangwa mlandu adauzenga mwachangu, mawigi ali pamitu ya zidole. Wina adatchula Avatar ya James Cameron, ya 2009, ija ya anthu abuluu, yomwe yapanga ndalama zoposa $2.9 biliyoni, kuposa filimu ina iliyonse. Kunja anthu ankaionera atavala magalasi a 3D, zinthu n'kumaoneka zikutuluka m'chinsalu. Kuno magalasiwo sadafike kuvidiyo, tidangoona anthu abuluu basi. Mwini saluni adafunsa makasitomala ake kuti mwamuna wa mufilimuyo dzina lake ndani. Zii. Nanga a mu Titanic? Saluni yonse pamodzi: "Jack ndi Rose!" Chikhalirecho wopanga ndi Cameron yemweyo, ndipo Titanic ya 1997 nayo idali ndi matsenga ake a kamera, chisitima chonse chija kuthyoka pakati n'kumira. Koma zomwe amayi amakanganabe mpaka lero si chisitima. Ndi thabwa lija.

"Asisi, malo analipo pathabwa paja. Rose anali wodzikonda."

"Ayi asisi, mwamuna akakukonda amafa ndithu. A masiku anowa angakukankhire m'madzi iweyo."

Mtsikana wina woluka tsitsi adabweretsa Boyhood ya Richard Linklater, yomwe adaijambula kwa zaka 12, kuyambira 2002, ndi mwana yemweyo akukula pamaso pa kamera mpaka kukalowa koleji. Palibe zopaka kumaso, palibe kusintha ekita. Mayi wina pansi pa chowumitsira tsitsi adangoti, "Zaka 12 kuonerera mwana akukula? Ine ndakuza anayi, wina mpaka wakwatira. Mphoto yanga ili kuti?" Atamva kuti Patricia Arquette, yemwe adasewera ngati mayi wa mwanayo, adalandiradi Oscar, adati bola pamenepo, chilungamo chilipo.

Amayiwa ali ndi mfundo ina yovuta kuitsutsa. Mafilimu akale a ku Nigeria, aja mfiti imatulutsa moto m'maso, moto wake wooneka kuti wajambulidwa ndi mwana wa sitandade 3, ankadzadza nyumba. Galimoto ikagunda munthu, umachita kuona kuti yaima kaye. Koma apongozi ankhanza aja, mkazi wachiwiri uja, Osuofia atafika ku London mu 2003, Aki ndi Pawpaw akuvutitsa mudzi, palibe ankadzuka kukapala moto mpaka gawo lachiwiri litatha.

Madala a pabawo ku Chilobwe adamva zonsezi n'kungopukusa mitu. Iwo akuti ana inu mukukangana za kamera, ife tidakulira masewero opanda chithunzi n'chimodzi chomwe. Kapalepale ndi Pamajiga pa wailesi ya MBC, banja lonse litazungulira kawailesi ka mabatire owumika padzuwa, wina akatsokomola n'kumuthamangitsira panja. Wailesi ya kanema idabwera mu 1999, koma anthu adali ataona kale nkhope za ampangankhani onsewo m'mitu mwawo. Izeki ndi Jakobo ankangofuna mpando umodzi ndi chipewa, holo n'kugwa ndi kuseka.

"Ndipo taonani Manganya," adatero mdala wina akutapa nkhomo. "Tikuferanji inalibe ndege, inalibe bomba. Koma munthu uja analowa m'mitima mpaka mu 2024 a Michael Usi akulumbira kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, anthu kumudzi ankati Manganya walowa m'boma. Kamera yosadula inayamba yafikitsapo munthu pamenepo?"

Mnzake adati filimu ya matsenga okhaokha ndi timu ya chenga chambiri yobwerera kunyumba yopanda chigoli: masapota amaimba m'bwalo, koma panjira amayenda chete. Adatero n'kudya nkhomo za mnzake zonse za kutsogolo.

Pachiwaya cha ku Chitawira pamabwera mnyamata wina wa kuyunivesite, wa kachikwama kakumsana, yemwe mafilimu amachita kuwawerenga m'mabuku. Iyeyu adati za kusadulazi n'zakale kuposa agogo athu ena. Alfred Hitchcock adayesa kale mu 1948 ndi filimu ya Rope. Nthawi imeneyo kamera inkatha kujambula mphindi pafupifupi 10 zokha tepi isanathe, ndiye ikamatha ankailozetsa pamsana pa jekete ya munthu, chithunzi chide, asinthe tepi. Makoma ndi mipando zidali pamateyala kuti azizikankha kamera ikamadutsa. Mwini wakeyo pambuyo pake adavomera kuti kudali kungoyesa luso. Koma tamverani nkhani yake: anyamata awiri apha mnzawo, aika mtembo m'bokosi, ayala chakudya pamwamba pa bokosilo, n'kuitana bambo a malemuyo kudzadya. Wokazinga tchipisi adasiya chipande. "Ndiye anadya?" Adadya.

Zosadula zenizeni, adapitiriza wa kachikwamayo, ziliko. Russian Ark ya Alexander Sokurov adaijambula pa 23 December 2001 m'nyumba yosungira zakale ya Hermitage ku St Petersburg: mphindi 96, zipinda 33, anthu oposa 2,000 ovala zamakedzana, kamera imodzi osaima. Wina akapunthwa, zonse kuyambiranso. Nkhani yake? Apa mnyamatayo adakanda mutu n'kunena kuti ndi zaka 300 za mbiri ya Russia zikudutsa. Wokazinga adabwerera kuchiwaya chake. Ndiye pali Victoria ya ku Germany, ya 2015, mphindi 138 m'misewu ya Berlin m'bandakucha: mtsikana wa ku Spain akumana ndi anyamata anayi potuluka kudansi, pofika m'mawa ndi iye akuyendetsa galimoto yothawira atathyola banki. Adajambula katatu, n'kutenga yachitatu. Imeneyo wokazinga adati amubenere.

Yomwe yandigwira mtima ine pa mkangano wonsewu idabwera ndi mayi wina wogwira ntchito ya unamwino ku Manchester, yemwe ali kuno kutchuthi. Pachinkhoswe china ku Chilomoni, anthu akudikira kuti nkhuku zifike, adati ngati mukufuna kuona kusadula kokhala ndi chifukwa, funani Adolescence, yomwe idatuluka pa Netflix mu March 2025. Magawo anayi, lililonse pafupifupi ola limodzi, lililonse lojambulidwa kamodzi n'kamodzi popanda kulumikiza mobisa. Imayamba ndi apolisi akuthyola chitseko m'mamawa kudzagwira Jamie, mwana wa zaka 13, pomuganizira kuti wapha mtsikana wa kusukulu kwawo. Kamera imakwera naye galimoto, imalowa naye kupolisi, imaima pomwepo akumutenga zidindo za zala, akumuvula kuti amuseche, bambo ake ali poteropo osadziwa koloza maso.

Mayiwo adati pa mphindi 10 zoyamba umadabwa kuti ajambula bwanji. Zikatha zimenezo umaiwala kuti kuli kamera. Chomwe umangomva n'chakuti ukufuna kupuma koma sakukulola, monganso bambo aja sakuloledwa. Filimu yodula imakupatsa mpata: apolisi akagogoda, chithunzi chotsatira muli kale kukhoti. Iyi ayi, umayenda mtunda wonse. Gawo lachitatu ndi anthu awiri okha m'chipinda, mwanayo ndi katswiri wa zamaganizo, tebulo pakati, koma thukuta lake loposa la ndege ya Tom Cruise. Gawo lomaliza Stephen Graham, yemwe adasewera ngati bamboyo, alowa m'chipinda cha mwana wawo, agoneka kachidole pabedi n'kukafunditsa. Owen Cooper, yemwe adasewera Jamie, adalandira mphoto ya Emmy ali ndi zaka 15.

Pachinkhoswepo palibe adafunsa za kamera. Amayi adayamba kufunsana kuti kodi ana athuwa akatseka chitseko ndi foni usiku amakhala akuonera chiyani, akulankhula ndi ndani. Mkangano wa mafilimu udathera pa kulera ana, mpaka ankhoswe adachita kupempha bata. Kwa ine apa ndi pomwe nkhani idagona. 1917 imakupangitsa kufunsa kuti ajambula bwanji. Adolescence imakupangitsa kufunsa kuti mwana wanga ali kuti. Luso ndi lomwelo, koma kwina likudzionetsa lokha, kwina likunyamula anthu.

Munthu wina yemwe ndidamufunsa adali mmodzi mwa anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa, aja amalankhula pamwamba pa Atchaina ndi Amwenye mpaka ekita wa ku Hong Kong kumatchula za ku Bangwe. Iye adaseka. Adati filimu yovuta kwambiri pantchito yawo si ya mawu ambiri ayi, koma ya zipolopolo zokhazokha. Mphindi 15 nyumba zikuphulika, magalimoto akuuluka, palibe wotsegula pakamwa. "Ukangokhala chete ana amatuluka, biggie. Ndiye umapeka wekha. Umati uyu akumenyera ngongole, uyu anamulanda mkazi, uyu ndi mlamu wake. Nkhani imene azungu anaiwala kuikamo timaikamo ndife." Ku Uganda, adatero, anzawo adafika poipanga kukhala mbali ya filimu. Who Killed Captain Alex? ya Nabwana I.G.G., yojambulidwa m'makwalala a Wakaliga ku Kampala mu 2010 ndi ndalama zosakwana kugula foni yabwino, helikopita yake yochita kuonekeratu kuti ndi yapakompyuta, idatchuka dziko lonse ndi mawu a VJ Emmie akubwebweta pamwamba pake.

Zonsezi zikadangokhala nthabwala zikadapanda kutikhudza kuno kwathu. Koma drone yafika. Ojambula maukwati adayamba, tsopano opanga mafilimu atengera. Filimu imayamba ndi phiri la Ndirande kuchokera kumwamba, kenako msika wa Limbe kuchokera kumwamba, kenako galimoto yobwereka ikulowa pageti pang'onopang'ono, chitseko chitseguka, nsapato itera pansi, wotchi ionekera. Mphindi zisanu zatha, palibe yemwe wafuna kanthu kwa mnzake. Wojambula wina nditamufunsa adati makasitomala amakonda zimenezo, ndipo filimu yopanda drone anthu amati ndi yotchipa.

Mwina. Koma The Road to Sunrise ya Shemu Joyah, yomwe idatenga mphoto ya filimu yopambana kummwera kwa Africa pa AMVCA mu 2018, anthu amaikumbukira chifukwa cha amayi awiri oyendayenda a mu Blantyre muno ndi zomwe adakumana nazo. Lilongwe ya Joyce Mhango Chavula idatenga mphoto yomweyo mu 2016. Ndipo mu The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, yojambulidwa ku Kasungu, tidaseka Chichewa cha Chiwetel Ejiofor mpaka nthiti kuwawa, koma William Kamkwamba atapempha njinga ya bambo ake kuti aiphwasule, m'chaka cha njala, njinga imodzi yokhayo pakhomo, kuseka kudatha. Galu wake atafa, ena adanamizira utsi wa mbaula.

Ku Ndirande mnyamata uja akadali pa mfundo yake, ndipo kondakitala akuti Tom Cruise akadzabwera ku Malawi adzamunyamula ulere. Asiyeni, ndalama zobenera ndi zawo. Koma inu opanga mafilimu athu, ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Mzuzu: musanapite kukabwereka drone, yambani mwalipira wolemba nkhani.